Wilo Long'aluka

Zinayamba ndi kugogoda. A Mundia a ku Libuyu anagwira ntchito kunjanji zaka makumi atatu, akumenya mawilo a sitima ndi nyundo yaitali. Wilo labwino limalira kuti ngwee, long'aluka limangoti phu, ndipo lotero ankalilemba mtanda ndi choko kuti lichotsedwe. Choncho atamva ngwee kuseri kwa nyumba usiku wa Lachiwiri, kumene kulibe chitsulo chilichonse, thupi linachita tsembwe, pakuti ankadziwa chimene anachita masana.

Lweendo, mtsikana wojambula mawu a akuluakulu akale a njanji kuti mbiri yawo isafe, anatha milungu iwiri pakhonde pa a Choongo, neba wawo, amene kale ankayendetsa sitima. A Mundia ankangowaponyera moni podutsa. Nsanje inawadya mkuluyu ngati chiswe. Kani munthu ndi dalaivala yekha? Ndiye masana a Lachiwirilo a Choongo atakomoka, Lweendo n'kuthamangira takisi, a Mundia anatola karekoda kake kojambulira mawu pampando n'kukakaponya mumtsinje wa Maramba. Pobwera ankaimba mluzu.

Lachitatu kugogoda kunafika pakhoma, pang'onopang'ono, monga munthu woyenda m'mbali mwa sitima: kuima, kumenya, kumvetsera. Agalu onse a m'komboni anali zii, akazi awo ali mkonono. Anasuzumira pansi pa bedi, nyundo yawo ili pompo ndi dzimbiri lake.

Lachinayi kunalira pachitseko penipeni. Kutacha, uthenga unafika woti a Choongo atsirizika kuchipatala.

Pamaliro Lweendo anawanong'oneza, maso ali psuu.

"Ba Mundia, rekoda yanga inasoba. Simunaioneko?"

"Ine? Iyayi, mwana wanga."

"Chamene chinibaba ni ichi. Ba Choongo banakamba pali imwe masiku yatatu. Ati siku ina munamvela wilo yong'ambika, mwakana kuti sitima ichoke, mabosi bakukalipilani, koma bantu bonse banapulumuka ngozi pa buliji. Ati, 'Ine nenze chabe kuliza huta. Kwa Mundia ukayende lasiti, ni wamanyazi, ayambe amvela mau yanga.' Manje mau yao yayenda."

Manyazi ndi chisoni zinawagwirira limodzi a Mundia.

Usiku umenewo sanazimitse magetsi, koma anathima okha. Kugogoda kunalowa m'nyumba. Mwendo wa bedi, ngwee. Mwendo wina, ngwee. Kenako chinthu chozizira chinawakhudza pachifuwa, mopepuka, mwaluso la munthu wodziwa ntchito.

Phu.

Panakhala bata lalitali, la munthu amene akumvetsera.

M'mawa akazi awo, pobweretsa tiyi, anaima pakhomo n'kuwayang'anitsitsa.

"Imwe, nanga iyi choko pa shati yanu yachokela kuti?"