Kiyibodi Yosunga Mawu a Munthu Mmodzi

Lucrécia anafika pamsika wa Milange atasenza kiyibodi yokulunga m'chitenje, fumbi la ku Mongue lili mpaka m'maondo. Nkhondo inali itatha, ndipo anthu ankabwerera kuchokera kumisasa ya ku Malawi, wina ndi mbuzi, wina ndi chitseko pamutu. Iye anabwerera ndi amayi ake komanso kakiyibodi kapulasitiki aka, kotalika ngati mkono, kamene sisitere wina anamupatsa kumsasa atamva mmene ankaimbira. Tsopano kanali katasiya kulira, pomwe kwaya ya tchalitchi chimene ankamanganso kwawo inkadalira komweko.

Anthu anamulozera kwa Belarmino, wokonza mawailesi pansi pa mtengo wa mango. Anali mnyamata wakuda bwino, wa mpata kumano, wolankhula mofatsa ngati sadziwa kupha ngakhale udzudzu. Atsikana inu, muziwaopa amuna olankhula mofatsa!

"Bom dia, achemwali," anatero Belarmino. "Mwabweretsa mwana wodwala?"

"Wadwaladi. Koma musamuphe, ndi mmodzi yekhayu."

Belarmino anamasula kumbuyo, n'kupeza waya utadyeka ndi madzi a batire lakale. Anaika kachitsulo pambaula, katafiira anawotcherera wayayo. Atadina batani, kiyibodi inalira ngati chitoliro. Lucrécia anawomba m'manja.

"Mukuganiza kuti muli chitoliro m'katimu?" anafunsa mnyamatayo. "Mulibe. Muli kanthu kakuda aka ka miyendo yambiri ngati nkhupakupa. Ntchito yake n'kunjenjemeretsa magetsi basi. Kakanjenjemera msanga, mawu amakwera. Kakachedwa, amatsika kukhala besi. Kakamadula magetsi mwankhaza mumamva ngati njuchi, kakawasalaza mumamva chitoliro."

"Ndiye vayolini walembedwa apayu ndi wabodza?"

"Wabodza, koma wokoma."

"Ngati amuna," anatero Lucrécia.

Belarmino anaseka mpaka kugwira pamimba. Kenako analoza batani lofiira limene mtsikanayo anali asanalikhudzepo, poopa kuwononga.

"Ili ndiye losanama. Limagwira mawu enieni a munthu. Yandikirani pa timabowo iti, muimbe kamodzi kokha."

Lucrécia anawerama mwamanyazi n'kuimba, "Aaa!" Belarmino anadina mabatani atatu pamodzi, ndipo panamveka a Lucrécia atatu: wina mwana, wina iye mwini, wina ngati bambo wamkulu. Amayi ogulitsa tomato anathamangira kudzaona. Mtima wa mtsikanayo unagunda, ndipo sikunali chifukwa cha kiyibodi yokha.

"Koma imasunga mawu a munthu mmodzi yekha," anatero Belarmino motsitsa. "Mukaika ena, oyamba amafufutika. Mukachotsa mabatire, amapitanso. Ine ndikanakhala mwini wake, anu okhawa akanakhala mpaka imfa."

Kodi mtsikana amene wakulira pamzere wolandira ufa, osamvapo mawu otere, akanatani?

Kuyambira pamenepo Belarmino ankapalasa njinga kupita ku Mongue Lamlungu lililonse. Inu anasanduka iwe. Ankakhala pamwala kuseri kwa tchalitchi chopanda denga, iye akumuphunzitsa kusakaniza ng'oma za m'kiyibodi ndi limba.

"Duwa langa la ku Mongue, ukandiseka chonchi ndimaiwala kuti kunali nkhondo."

"Pakamwa pako, Belarmino!"

"Ndikulumbira, meu amor, wokondedwa wanga. Tikakolola ndituma amalume. Ndidzamanga pabwinja la amayi ako pomwepa, pamene asilikali anaotcha. Iweyo yamba kuumba njerwa, denga ndi langa."

Mwamuna wofuna kumanga kwa mkazi osakakamizidwa! Amayi ake a Lucrécia, a Berta, anamuphera nkhuku tsiku lomwelo.

Patapita masabata, Belarmino anabwera ndi pempho. Anati ku Majaua kuli maukwati ambiri a anthu obwerera, ndipo woimba kiyibodi akusowa. Akabwereka kiyibodiyo kwa kanthawi, malata a nyumba yawo apezeka.

"Nanga kwaya?" anafunsa Lucrécia. "Tchalitchi atsegulira mvula isanagwe."

"Ndibweza nthawi ikadalipo, mtima wanga. Komanso ndikakusowa ndizidina batani, ndizikumva. Mawu ako sindidzawafufuta, ngakhale andiloze ndi mfuti."

Lucrécia anaimbanso pa timabowo tija, n'kumumangirira yekha kiyibodiyo pakaliyala.

Ndiye anagwira ntchito mwana wamkazi! Ankaponda dothi mpaka zidendene zinang'ambika, ankatunga madzi kudambo, ankaumba dzuwa lili pamutu. Anzake ankamuseka kuti akukwatiwa ndi chikombole. Iye ankangoti, "Mudzabwera kudzapempha mthunzi."

Uthenga unkabwera ndi Dina, mayi wogula nyemba amene ankazungulira misika panjinga. "Akuti ndikuuze kuti ndiwe mpweya wake." Ulendo wina: "Akuti usatope, malata atsala pang'ono." Kenako uthenga unayamba kufupika. Tsiku lina Dina anangoyang'ana pansi n'kunena kuti sanamuone.

Anthu anakolola, amalume osaoneka. Denga la tchalitchi linatha, kwaya ikuimba pakamwa pokha. A Berta anayamba kudwala mutu anthu akafunsa za mkamwini.

"Amayi, mawa ndikupita ku Majaua," anatero Lucrécia.

"Mwana wamkazi kulondola mwamuna? Anthu adzati chiyani?"

"Anene zimene anene. Ndikufuna ndimve pakamwa pake ngati ukwati ulipo kapena ayi."

Anakwera galimoto ya matumba a chimanga, kwinako anayenda pansi. Ku Majaua sanavutike kufunsa. Aliyense ankadziwa kwa mnyamata wa teklado, monga ankatchulira kiyibodi kumeneko. Akuyandikira kanyumba kofolera udzu watsopano, anamva ng'oma za kiyibodi yake. Miyendo inapepuka. Anakonza mpango, napukuta thukuta.

Kenako panamveka kuseka kwa mwana. Kuseka komweko kunabweranso mokwera, kenako motsika ngati kwa nkhalamba, kenako kambirimbiri pamodzi. Lucrécia anaima. Ankadziwa bwino batani limene limachita zimenezo, ndipo ankadziwanso tanthauzo lake. Mawu ake munalibe.

Pakhonde panali kamtsikana kongoyamba kuyenda, kakumenya mabatani ndi manja onse awiri. Kanali ndi mphumi ya Belarmino, osachita kufunsa. Mayi wina wowonda anatuluka akupukuta manja.

"Takulandirani, mana, mchemwali wanga. Ndine Armanda. Mwabwera kudzaitana bambo a Nélia ku ukwati? Apita kudimba, abwera posachedwa."

"Bambo a Nélia?"

"Eya, amuna anga, a Belarmino. Ine ndinatsalira kumsasa ku Mulanje mwanayu akudwala, iwo anatsogola kudzakonza malo. Onani mphatso imene anamugulira mwana! Sagona osaimva."

Lucrécia anafuna kukuwa, kugubuduka pansi, kung'amba chitenje. Koma anayang'ana manja a Armanda, okhakhala ngati ake omwe, ndipo mkwiyo wake unadziwa kolowera.

Belarmino anatulukira ndi khasu paphewa. Atamuona, khasu linagwa.

"Lucrécia! Duwa lang..." Anameza mawuwo, maso ali kwa mkazi wake.

"Malizani," anatero Lucrécia. "Duwa la kuti? Auzeni mayiwa."

"Ndikufotokozera, tiye tikambirane kuseri."

"Kuseri ndinakhalako kokwanira, bambo a Nélia. Ndabwera ndi funso limodzi, ndipo mwana wanu wandiyankha kale." Anatembenukira kwa Armanda. "Mana, ine sindinadziwe za inu, Mulungu ndi mboni. Bambowa anadya nkhuku ya amayi anga ngati mkamwini. Kiyibodi iyi sanagule, ndi yanga. Ndikuitenga."

Armanda anakhala pansi pang'onopang'ono, dzanja lili pakamwa.

"Lucrécia, chonde," anatero Belarmino. "Ndimakukonda zoona. Nkhondo inatisokoneza tonse. Ndinkaganiza kuti mwina sabwera..."

"Munkadikira kuti mwana afe kuti mukwatire ine?"

Belarmino anayang'ana kumbali.

Lucrécia anagwada, nachotsa timanja ta Nélia pamabatani mofatsa. Anatembenuza kiyibodi, natsegula kumbuyo, natulutsa mabatire onse n'kuwaika m'manja mwa Belarmino.

"Awa ndi anu. Sinditenga chanu chilichonse."

Kamwanako kanakwawira pafupi n'kudina batani. Palibe chinamveka. Kanadinanso mwamphamvu, kenako kanayang'ana mlendoyo m'maso, milomo ikugwedera. Lucrécia anakulunga kiyibodi m'chitenje, naisenza, nayamba ulendo.

Kulira kwa Nélia kunamutsatira mpaka kumunda wa chinangwa. Kunamupweteka kuposa bodza lonse la bambo ake, pakuti mwanayo sanalakwe kanthu. Misozi inatsika mpaka m'khosi, koma Lucrécia sanacheuke. Ankadziwa kuti akangocheuka kamodzi, aisiya.