Zitumbuwa za Lamlungu ku Kawaza

Anakumana pa siteji ya Mfuwe, minibasi ya ku Chipata ikudikira kudzaza. Mnyamata wovala yunifolomu ya ku loji anakhala pambali pa Natasha, n'kumutambasulira pepala la mabanzi.

"Mwaswera bwanji? Tengani limodzi, ulendowu ndi wautali."

"Zikomo, sindidya mabanzi."

"Kunyada kapena kusala?"

"Matenda. A dokotala amati siliyaki. Ndikangodya chafulawa, tirigu amandikala m'matumbo."

Mnyamatayo, dzina lake Benwell, woyendetsa alendo kokaona nyama, sanachite nthabwala. Anapereka mabanzi onse kwa kondakitala, n'kutsika kukagula nthochi. Natasha mtima unangoti phaa. Mtsikana amene anthu ankamunena kuti ndi wosankha zakudya ngati mzungu, lero wina wamutayira mabanzi?

Chikondi chinayaka ngati moto wa lupsa. "Kanthochi kanga," Benwell ankalemba m'mamawa, "tirigu ndi mdani wako, ndiye ndi mdani wanganso. Ndidzakhala mlonda wa mbale yako mpaka imfa."

Koma mbale ya Natasha inali kale ndi mlonda. Mu foni mwake munali pulogalamu ya kuchipatala. Asanadye ankajambula chakudya, madzulo n'kudina mmene m'mimba mwakhalira, ndipo zonse zinkafika kwa Sisita Susan, namwino wa ku Lusaka amene sanaonanepo naye maso ndi maso.

"Ameneyo ndiye wondilanda mkazi," Benwell ankaseka. "Amadya nawe ine ndisanasambe m'manja."

Nkhani ya ukwati itayamba kumveka, Lamlungu lililonse ankapita ku Kawaza kwa mayi ake a Benwell. Mayiwo anali odziwika ndi zitumbuwa za nthochi ndi ufa wa chimanga. Tsiku loyamba Natasha anamukokera Benwell kuseri kwa nkhokwe.

"Unawauza?"

"Ndinawauza zonse, wokondedwa. Mulibe fulawa olo pang'ono. Idya, ukakana akhumudwa."

Anadya. Akanakana bwanji apongozi atamuyalira mphasa?

Kenaka thupi linayamba kumuukira. M'mimba kutupa, kutsegula, chizungulire ali kuntchito ku shopu. Masiketi anayamba kumuvuka. Anasintha mafuta ophikira, anagula poto wake wake, anasiya ngakhale supu wa m'mapaketi. Ankangozungulira m'nyumba ngati nkhuku yofuna poikira, kununkhiza chilichonse, kukayikira aliyense kupatula mmodzi.

Benwell ankabwera ndi madzi a mandimu, n'kumugwira dzanja. "Limba mtima, kanthochi kanga. Zidzatha."

Lachitatu lina foni inalira. Sisita Susan anaonekera pa vidiyo, nkhope ili gwa.

"Natasha, magazi amene munayezetsa ku Chipata akuonetsa kuti tirigu akulowabe m'thupi. Ndipo ndaona chinthu. Masiku anu oipa onse amayamba Lolemba. Zitumbuwa zimene mumajambula Lamlungu zija, amaphika ndani?"

"Apongozi anga. Koma akudziwa, sisita. Anauzidwa."

"Munawauza ndinu?"

Natasha anakumbukira mawu a Benwell kuseri kwa nkhokwe kuja.

Sanadikire Lamlungu. Anakwera njinga ya kabaza mpaka ku Kawaza. Anapeza mayi aja akusenda mtedza pakhonde.

"Amayi, ndiphunzitseni zitumbuwa zanu zija."

Mayiwo anasangalala kwabasi. Anatulutsa nthochi, ufa ndi soda. Kenaka anatapa dzanja lodzaza m'kathumba koyera.

"Chinsinsi ndi ichi, mwanangu. Kafulawa pang'ono kuti zigwirane."

"Benwell sanakuuzeni za matenda anga?"

"Matenda anji? Ukudwala?" Mayiwo anamuyang'ana m'mikono yowondayo, n'kugwira pakamwa. "Mayo, ine ndimati mwina ndi pathupi. Bwanji osanena? Ndikanangosiya, fulawayo ndi wodulanso."

Benwell anafika madzulo, galimoto ya ku loji ili fumbi lokhalokha. Ataona kathumbako pamphasa, kumwetulira kunazima.

"Natasha, ndimvere kaye. Ndinkaopa. Kuno anthu amalankhula. Akanati ndikukwatira chipatala. Ndimati tikamange kaye ukwati, ndiwauze bwino pambuyo pake. Ndinkaganiza kuti kapang'ono sikangakuphe."

"Unkadziwa kuti mulimo?"

"Amayi amathira kuyambira ndili mwana."

"Ndiye Lolemba lililonse, pondigwira dzanja ndikubuula paja, unkadziwa chikundipweteka?"

Natasha sanadikire yankho.

"Munthu wa ku Lusaka, amene sadziwa ngakhale pakhomo panga, anadera nkhawa matumbo anga. Iwe unadera nkhawa pakamwa pa anthu."

"Ndimakukonda, kanthochi kanga."

"Usanditchulenso choncho."

Natasha anagwada kutsanzikana ndi mayi aja, amene ankalira mwakachetechete, n'kuuyamba wapansi kukafuna njinga.

Lamlungu lotsatira anadya mbatata yowiritsa ali yekha, mameseji a Benwell akungolowa osatsegulidwa. Pansi pa mtima ankafunabe kuti sisita akhale atalakwitsa, kuti mawa adwalenso, mlandu uchoke pa zitumbuwa.

Lolemba anadzuka n'kudikira ululu. Anasesa, anatunga madzi, anadikirabe. M'mimba munali bata.

Foni inafunsa funso lake la masiku onse: "Mukumva bwanji lero?"

Natasha anadina pamene palembedwa kuti "Bwino," ndipo m'pamene anayamba kulira.