Zithunzi Makumi Anayi Zosatsukika

Tsiku limene Misheck analowa m'situdiyo ya Jestina pa Linthipe, nkhungu inali isanachoke pamsewu. Kamera anali ataikoleka m'khosi ngati kolona, nsapato zili ndi dothi la kudimba.

"Asisi, ndabwera kudzatsukitsa zithunzi."

Jestina anayatsa kamerayo. Chithunzi choyamba, bii. Chachiwiri, bii. Mpaka makumi anayi, mdima wokhawokha.

"Achimwene, mumajambula m'thumba?"

"Ayi, panja, dzuwa lili paliwombo. Amene anandigulitsa kuboda anati zimayamba zakuda, zimaoneka mukazitsuka."

Jestina anatsina kachivindikiro ka kutsogolo kwa galasi n'kukachotsa.

"Aka munachotsapo?"

"Kodi kamachoka?"

Mtsikana anaseka mpaka misozi. Ogula makamera osawadziwa anali atawaonapo ambiri. Wina anabweza yake ati ikunenepetsa mkazi wake. Wina anasankha yolemera kwambiri ati ndiye yolimba, kenako n'kumafunsa poika filimu. Koma uyu anawaposa onse!

Misheck sanaseke nawo. Anakhala pabenchi ngati munthu amene wangomva uthenga wa maliro.

"Ndiye sizingatsukike?"

"Mulibe kanthu, achimwene. Ndizifufute?"

"Musafufute." Anamugwira dzanja, ndipo dzanja lakelo linali lozizira. "Chonde, zisiyeni."

"Munajambula chiyani chofunika chonchi?"

"Munda wanga wa kachewere."

Kuseka kuja kunathera pakhosi. Jestina anamva chisoni, ndipo inu mukudziwa kuti chisoni cha mtsikana sichichedwa kusanduka zina. Anamuphunzitsa podina, poyang'anira ndi poimika dzuwa. Tsiku lililonse la msika Misheck ankatsika kuchokera ku Mayani ndi funso latsopano, m'manja muli mapichesi. Pofika mwezi wachitatu mafunso anatha, koma kubwera sikunathe.

Foni ya Jestina inayamba kulira m'mawa uliwonse ndi mauthenga a Misheck.

"Kuwala kwanga, wadzuka bwanji? Kuno kukuzizira zedi, koma ndikakuganiza ndimafunda."

"Mwayambatu mabodza, a kachivindikiro."

"Si bodza. Ngakhale phiri la Dedza litasamuka, ine sindidzasuntha pambali pako."

Mawu amenewo Jestina anawawerenga kakhumi. Ndi mwamuna uti anamulankhulapo choncho?

Zoti Misheck anaferedwa mkazi, dzina lake Agatha, Jestina ankadziwa. Malume ake, a Bartholomew, anafufuza zonse asanavomere za chinkhoswe. Jestina atamufunsa Misheck mwini wake za Agatha, yankho linali lalifupi.

"Madzi akatayika saoleka. Panopa ndili ndi iwe."

Tsiku lina anamubweretsera chitenje chobiriwira cha mbalame zoyera.

"Ndakugulira ku Lilongwe. Uzivala ndikamakujambula."

Chitenjecho chinali chofewa ngati chochapidwa kambiri, m'mphepete mwake mosokedwa kale ndi manja, ndipo chinkanunkha sutikesi. Jestina anaona zonsezo, koma anangodziuza kuti nsalu za masiku ano ndi zotero.

Lamulungu lililonse ankapita kojambula, ndipo malo ankasankha ndi Misheck. Pamwala wa kuseri kwa tchalitchi cha Kabwazi. Pansi pa mtengo wa pichesi wa kwawo. Pakamlatho ka matabwa ka kudimba. Jestina akanena kuti apa kuwala n'koipa, tisunthe, iye ankakana.

"Pomwepo. Pendeketsa mutu pang'ono. Dzanja pachibwano. Eya, choncho."

Akadina, sankayang'ana Jestina. Ankayang'ana kagalasi ka kamera nthawi yaitali, milomo ikuyenda ngati akuwerenga chinachake.

Tsiku lina pamsika wa Mayani, mayi wina wogulitsa tomato anamuona Jestina cha kumbuyo. Mbale inamupulumuka, tomato n'kumwazika. Jestina atatembenuka, mayiyo anachita chizindikiro cha mtanda.

"Pepani, mwanangu. Ndinakufanizirani."

"Ndi ndani, mayi?"

Mayiyo anangowerama n'kumatola tomato wake. Kuyambira tsiku limenelo, Jestina akavala chitenjecho ankamva ngati wina waima kumbuyo kwake.

Chinkhoswe chinali Loweruka. Lachitatu m'mawa Misheck anasiya kamera pasitudiyo kuti Jestina asankhe chithunzi choika m'felemu.

"Koma chatsala chimodzi choti tijambule," anatero potuluka. "Mawa, pakhonde la kwathu."

Jestina anaika khadi ya kamera m'kompyuta. Zakuda zija zinali pomwepo, zitandanda pamwamba pa zake. Anamwetulira pokumbukira tsiku loyamba. Kenako anaona kuti chimodzi mwa zakudazo si chithunzi, koma vidiyo. Mkulu uja, posadziwa mabatani, anadina lofiira.

Anaitsegula kuti aseke.

Pagalasi panali bii, koma munali mawu. Mphepo ya kumapiri. Belu la tchalitchi chapatali. Kenako chifuwa cha munthu wamkazi, chouma, chosafuna kutha.

"Misheck, fulumira, miyendo yatopa. Mbalame za pachitenje changachi zikuoneka?"

"Zikuoneka, kuwala kwanga. Pendeketsa mutu pang'ono."

"Koma pagalasipo pali mdima. Ukujambuladi?"

"Zimaoneka ukatsuka. Dzanja pachibwano. Eya, choncho."

Mkaziyo anaseka, kuseka n'kusanduka chifuwa.

"Ndikapita, uzidzandionera m'menemo."

"Usatero, Agatha. Ngakhale phiri la Dedza litasamuka, ine sindidzasuntha pambali pako."

Vidiyo inatha. Jestina anapezeka kuti wagwira chitenje chimene anali atavala. Anachimasula msangamsanga, n'kuchipinda, n'kuchiika patebulo kutali ndi iye.

Munda wa kachewere! Anawerenga zithunzi zimene Misheck anamujambula iye. Zinali makumi atatu ndi zisanu ndi zinayi. Cha pakhonde chija chikanakwanitsa makumi anayi.

Analira, ndipo kunena zoona sanalire chifukwa cha mkwiyo wokha. Ankamvera chisoni mkazi wodwala uja amene anaimirira pamwala miyendo ikuwawa, kuimirira kachivindikiro. Ankamvera chisoni Misheck. Nanga iye mwini, amumvere chisoni ndani? Miyezi yonseyi, kodi munthu uja anamuonapo ngakhale tsiku limodzi?

Analembera Misheck uthenga.

"Bwerani. Chimodzi mwa zakuda zija chatsukika."

Kuchokera ku Mayani kufika pa Linthipe, Misheck sanafulumirepo chonchi n'kale lonse. Ola lisanathe, njinga yamoto inaima pakhomo, iye n'kulowa ali wefuwefu, chipewa atachiiwala. Jestina sanamuonepo akuthamangira iye motero.

Jestina anadina batani la vidiyo ija.

Mawu a Agatha atamveka, Misheck anagwada pansi pa simenti. Anagwira galasi lakudalo ndi manja onse awiri.

"Bwezanso," anatero. "Chonde, bwezanso."

Jestina anabweza kawiri. Kachitatu anazimitsa.

"A Misheck, chitenje chija munagula ku Lilongwe?"

Misheck anangoyang'ana chitenje chija patebulo.

"Dzina lija la kuwala kwanga, lonjezo lija la phiri, panalibe ngakhale liwu limodzi latsopano loti mundipatse ine?"

"Jestina, ndimakukonda. Poyamba ndinkangofuna kubweza zimene ndinataya ndi umbuli wanga. Ndinamulonjeza kuti ndizidzamuona, ndiye sindinamujambule n'komwe. Koma kenako ndinakukonda iweyo. Ndikhulupirire."

Mtima wa Jestina unafuna kukhulupirira, unafunitsitsa. Thobwa la chinkhoswe linali litaphikidwa kale, abale a ku Lilongwe ali m'njira. Anatenga kamera, n'kuchotsa kachivindikiro, n'kumupatsa.

"Chabwino. Ndijambuleni ineyo."

Anaima pakhoma loyera limene amajambulirapo anthu a ziphaso, atavala siketi yake yakale ya kuntchito ndi juzi yotuwa. Mutu anauimika chilili, manja m'mbali. Mumtima ankapemphera kuti munthu uyu angodina basi.

Misheck anapukuta misozi, nakweza kamera. Anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anayankhula motsitsa, mwachikondi chenicheni, osadziwa n'komwe kuti wayankhula.

"Pendeketsa mutu pang'ono."

Jestina anayenda pang'onopang'ono mpaka pamene iye anaima. Anatenga kachivindikiro patebulo n'kukabwezera pagalasi, kanalira kuti tha. Pamwamba pa kamerayo anaikapo chitenje chopinda chija.

"Vidiyo ija ndikutumizirani pafoni, muzikamumvera," anatero. "A malume ndikawauza ndekha za Loweruka."

"Kuwala kwanga…"

"Dzina langa ndine Jestina."

Anamutsegulira chitseko. Panja panali gogo wina amene anadikira kale chithunzi cha chiphaso, ndipo Jestina anawalowetsa, n'kuwakhazika pakhoma loyera lija.

"Mutu ndiuike bwanji, mwanangu?"

"Mmene ulilimo, agogo. Musasinthe kanthu."