Malikisi a Kumwetulira

Mtembo anaupeza 7:20 m'mawa wa Lachinayi, mu ofesi yoona za ogwira ntchito. Anali mayi bwana a ofesiyo, atagona chafufumimba pafupi ndi kabati ya mafayilo, atamenyedwa kunkhongo ndi chobowolera mapepala chachitsulo. Dokotala anati anamwalira dzulo lake, cha m'ma 5 koloko madzulo.

Wapolisi wofufuza, amene anzake ankamutchula kuti Mdala chifukwa cha imvi, anayamba ndi dalaivala yemwe anachotsedwa ntchito Lachitatu. Alonda anamumva akulumbira pageti kuti mayiwo aona chidameta nkhanga mpala. Koma 5 koloko ija iye anali kale m'chitokosi, atamangidwa pa ndewu ya kumowa.

"Kufuna ndinkafuna, bwana," anatero dalaivalayo, "koma ena anditsogolera."

Mdala anabwerera ku ofesi kuja, ndipo m'dilowa ya malemuwo anapeza mulu wa mafomu olembapo malikisi a ogwira ntchito mu ofesiyo. Mlembi anamunong'oneza kuti wa mu ofesimo akamachotsa munthu ntchito, bwana ankakhala pakona kuyang'ana nkhope ya wochotsayo. Womwetulira mpaka pamapeto ankapeza 5, wogwetsa msozi 1. Wopeza 1 katatu ankatsatira anthu omwe wawachotsawo. Poweruka, aliyense ankalowa yekha kukalandira malikisi ake.

Mafomu a Lachitatu onse anali osayinidwa bwino, kupatula imodzi. Inali ndi 1, ndipo siginecha inathera panjira, cholembera chitakanda pepala mpaka m'mphepete.

Mwini fomuyo anali mayi wochepa thupi, wa zaka khumi pantchitoyo. Nthawi ya 2:15, m'chipinda chofunsira mafunso, anakhala mowongoka, akumwetulira ngati akulandira alendo. Mdala atamuikira fomu ija patebulo, sanakane mlandu. Anati Lolemba anaika mwana wake m'manda. Lachitatu abwana ake anamuitanitsa kuti adzachotse anthu khumi ndi awiri, poti palibe wina ankachotsa anthu mokoma ngati iye. Atafika pa wachisanu ndi chinayi, yemwe anali mayi wobereka khanda kumbuyo, anagwetsa msozi.

"Ndiye abwana anu anati chiyani?" anafunsa Mdala.

"Anati maliro ndikanawasiya kunyumba, mwana ndibereka wina. Kenako anawerama kuti asayine."

Mdala anali ataona ambanda ambiri, koma aka kanali koyamba kulephera kumuyang'ana wina m'maso. Anaitana wapolisi wamkazi kuti amutenge. Pakhomo mayiyo anatembenuka, mano akadali pamtunda.

"Bambo, kundendeko amalola kulira?"