Amene Ankasongola Mapensulo

Chimene mkonzi wa mabuku anayamba kudabwa nacho chinali katsokomoledwe ka Madala. Ankatsokomola kawiri, mpando n'kulira, kenako lezala n'kuyamba kusongola pensulo: khwe, khwe, khwe, mpaka kasanu ndi kawiri. Lolemba zinayenda choncho. Lachiwiri zinayendanso chimodzimodzi, nthawi yake yomweyo, ndipo mkonzi anasiya kulemba n'kuyang'anitsitsa kompyuta ngati imuyankha.

Madala anali wojambula zithunzi za m'mabuku a ana asukulu. Sanali wolembedwa ntchito pakampanipo. Ankagwira payekha, pa kontirakiti ya chaka ndi chaka, ali kudziko lina lakutali kumene anapita ali mnyamata osabwerakonso. Kumeneko kukamacha, kuno kumakhala kutada, choncho kwa zaka khumi ndi ziwiri mkonzi ankatsalira muofesi anzake akaweruka. Anali ndi kachizolowezi kawo: kuimbirana pakompyuta, osayatsa vidiyo, aliyense n'kumagwira ntchito yake foni ili chitsegulire. Nkhope ya Madala sanaionepo, koma chipinda chawo ankachidziwa ndi makutu, kuyambira ketulo yowira mpaka masilipasi a mkazi wawo akudutsa.

Kale ofesiyo inkachita kusefukira. Munali amayi awiri otaipa amene ankakangana tsiku lililonse chifukwa cha zenera, ojambula atatu, ndi wowerenga zolakwika amene ankagona masana atatsegula diso limodzi. Onsewo anapita. Ntchito zawo zinagawidwa kwa anthu a m'mayiko ena amene mkonzi ankangowadziwa pa imelo, ndipo matebulo awo anatsala atafunditsidwa mapepala akale. Pa anthu akunja onsewo, Madala okha ndi amene anasanduka munthu weniweni. "Mwana wanga," ankatero, "mlembi wakoyu akuti ndijambule ng'ombe ikumwetulira. Anaionapo kuti?" Mkonzi ankaseka mpaka misozi. Ankawakonda nkhalambayo ngati bambo ake omubereka, ndipo sankachita nazo manyazi.

Koma panali patatha miyezi itatu Madala asakulankhula. Analemba uthenga woti adokotala awaletsa chifukwa cha pakhosi. Foni ankayankhabe, zithunzi zinkabwerabe, zokongola ngati kale.

Lachitatu m'mawa bwana anaika fomu patebulo la mkonzi.

"Lamulo latsopano, mayi," anatero. "Wogwira ntchito aliyense wakunja mumuone pavidiyo, musayine kuti mwamuona ndi maso anu. Akuti ena akumagwira ntchito m'maina a anzawo, ena eni ake anamwalira kalekale. Pofika Lachisanu, amene sanaoneke, kontirakiti yake yatha."

"Nanga Madala? Mukudziwa kuti sakonda makamera."

"Ngakhale Madala. Ndipo mukasayinira munthu musanamuone, mlandu ndi wanu."

Usiku umenewo, foni ili chitsegulire, mkonzi anazimitsa fani kuti amve bwino. Ofesi yonse inali zii, kupatula mpope wa kubafa umene unkadontha, ndi babu la m'khonde limene linkathima n'kuyakanso. Anawalembera Madala za fomuyo. Uthenga unaonetsa kuti wawerengedwa, koma yankho silinabwere. Ndiye kunamveka kutsokomola kawiri, mpando, lezala. Anawerenga ndi zala, zinakwana zisanu ndi ziwiri. Apa m'pamene anazindikira chinthu china: ketulo sinkamvekanso, masilipasi sankamvekanso, ndipo sankakumbukira kuti anazimva liti komaliza.

Potuluka, mlonda anamutsatira mpaka pageti, tochi ataloza pansi.

"Mayi, ndifunseko," ananong'ona. "Mukamachoka mumasiya munthu m'mwambamo?"

"Munthu wanji?"

"Kaya. Koma mukangopita, muofesimo mumamveka ngati wina akupala kamtengo. Woyeretsa uja akuti iye sakolopanso ngodya ya ojambula. Akuti pamanunkhira pensulo."

"Ndi makoswe amenewo, achimwene," mkonzi anatero, koma kiyi wa galimoto anamuvuta kulowetsa.

Lachinayi m'mawa anapita pangodyapo. Pansi pa tebulo limene palibe anakhalapo kwa zaka zisanu ndi chimodzi panali timakoko ta pensulo, topiringizika bwinobwino, tatsopano. Muofesimo munalibe munthu wogwiritsa ntchito pensulo. Anatisesa yekha mofulumira, n'kudziuza kuti makoswe amasiku ano ndi aluso.

Tsiku lonse anaganiza, ndipo mantha anasanduka mkwiyo. Nkhani inali yoonekeratu: wina waba dzina la Madala, anajambula phokoso la m'chipinda chawo, ndiye akumuseweretsa ngati mwana. Akuba alipo ambiri, koma wakuba kutsokomola kwa nkhalamba! Anatsimikiza kuti amugwira usiku womwewo.

Mvula inayamba chakumadzulo, yowaza, yosalekeza. Anthu onse atapita, mkonzi anakhala pampando wake, msana ataulozetsa kungodya ya ojambula, fomu ili patsogolo pake. Anaimba. Foni inayankhidwa, koma panalibe mawu, kunkangomveka kupuma kwa munthu amene akuyesetsa kuti asamveke.

"Ndikudziwa kuti si Madala," anatero mkonzi. "Yatsani vidiyo. Apo ayi ndidula, ndipo sindidzaimbanso."

Kenako pakompyuta panawala, n'kuoneka mayi wachikulire wa imvi, atavala juzi ya bambo yomukulira. Kumbuyo kwake kunali kuwala kwa m'mawa ndi mpando wopanda munthu.

"Ndine mkazi wawo," ananong'ona mayiwo. "Tinawaika m'manda miyezi itatu yapitayo. Pepani, mwana wanga. Ndinkafuna kukuuzani, koma mawu ankakana."

Mkonzi anagwira pakamwa. Analira kaye, chifukwa mkwiyo wonse uja unali utasowa pogwira.

"Nanga zithunzi, amayi?" anafunsa pambuyo pake.

"Ndine. Si za lero. Manja awo anayamba kunjenjemera zaka zisanu zapitazo, ndiye ndinkajambula ine, iwo n'kumandiuza kuti apa wonjeza, apa fufuta. Ntchito imene inawatsalira inali yondisongolera mapensulo ndi kucheza nanu. Kontirakiti imaletsa kupatsa wina ntchito, tinkadziwa. Koma ndani angalembe nkhalamba yopanda dzina ngati ine? M'dziko lino ndilibe wina aliyense. Ntchitoyi ikatha, nyumba ino ndituluka."

Mkonzi anapukuta m'maso. Tsopano zonse zinkamveka, ndipo mtima unayamba kukhala pansi.

"Ndakumvani, amayi. Koma tepi ija ndiye munandilakwira nayo. Mwandiopsa sabata yonse."

"Tepi iti?"

"Ya kutsokomola kwawo. Ndi lezala."

Mayiwo anasendera pafupi ndi kamera, mpaka maso okha ndiwo ankaoneka.

"Ine ndilibe tepi," anatero pang'onopang'ono. "Ndimaganiza kuti ndinu. Ndimati munazindikira kalekale, ndiye mumandiikira mawu awo kuti ndisasungulumwe. N'chifukwa chake ndimavula masilipasi, ndi tiyi yemwe osaphika, kuti ndiwamve bwino. Phokosolo limachokera kwanuko, mwana wanga."

Mpope unadontha. Babu la m'khonde linathima, osayakanso, ndipo muofesi munatsala kuwala kwa kompyuta kokha. Mvula inali itasiya mkonzi osadziwa.

Kumbuyo kwake, pangodya ya ojambula, munthu anatsokomola kawiri. Mpando unalira ngati wina wakhalapo mosamala, mmene amakhalira munthu wa mawondo opweteka. Fungo la pensulo yongosongola kumene linafika pamene panakhala mkonzi.

"Ndi amenewo," mayi aja ananong'ona, misozi ikutsika. "Ankanena tsiku lililonse kuti akufuna kudzaona ofesi yanuyo asanafe. Chonde musadule."

Khwe. Khwe.

Mkonzi anayang'ana fomu ija, pamzere umene unkati wamuona munthuyo ndi maso ake. Akanangotembenuka pang'ono chabe, mwina sakanakhala wabodza. Anaganizira ntchito yake, anaganizira mayi wa juzi yomukulirayo ali pamsewu ndi zikwama m'dziko la eni, anaganiziranso ng'ombe zonse zomwetulira zimene zinatuluka m'nyumba ya Madala.

"Amayi," anatero motsitsa mawu, "buku lachitatu likufunika kumapeto kwa mwezi. Mukwanitsa?"

"Ndikwanitsa."

Mkonzi anatenga cholembera n'kusayina dzina lake lonse. Sanatembenuke.