Bedi Lalitali, Matiresi Aafupi

Kamphepo anali mtsikana waliwiro. Akamutuma, ankathamanga osacheuka. N'chifukwa chake ankamutchula Kamphepo.

Kamphepo anali ndi mnzake watsopano. Mnzakeyo anathawa nkhondo limodzi ndi amayi ake. Anabwera ndi kachikwama kamodzi basi. Ankagona pa simenti. Simentiyo inkazizira kwabasi. Mnzakeyo anayamba kutsokomola.

Kamphepo anamva chisoni. Ankafuna kuti mnzake agone pa bedi.

Abusa a kutchalitchi ndi ashehe a kumzikiti anakumana. Nawonso anamva chisoni.

"Ife tikhoma bedi," anatero abusa.

"Ife tisoka matiresi," anatero ashehe.

Kalipentala wa kutchalitchi anali abambo a Kamphepo. Anakhoma bedi, kho! kho! kho! Kenako analiyeza ndi dzanja lawo.

"Zikhatho khumi," anatero. "Mwanawe, thamanga ukawauze atelala."

Kamphepo uyo, liwiro! Anafika kwa atelala a kumzikiti ali wefuwefu.

"Zikhatho khumi, atelala!"

Atelala anayeza nsalu ndi dzanja lawo. Zikhatho khumi. Anasoka. Anaikamo thonje.

Loweruka anthu anadzaza m'chipinda cha alendowo. Bedi linalowa. Matiresi analowa. Anawaika pa bedi.

Mayo ine! Matiresi anali aafupi. Kumiyendo kunatsala matabwa okhaokha.

"Ine ndinayeza khumi," anatero abambo.

"Inenso ndinayeza khumi," anatero atelala.

Onse anayang'ana Kamphepo.

"Iwe, unanena bwino koma?" anafunsa abambo.

Kamphepo anafuna kulira. Koma sanalire. Anayang'ana abambo. Anayang'ana atelala.

"Ababa, tambasulani dzanja. Atelala, inunso tambasulani."

Anagundanitsa manja awiriwo. Dzanja la abambo linali lalikulu. Dzanja la atelala linali laling'ono.

Anthu anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Akalipentala, limeneli ndi dzanja kapena fosholo?" anatero atelala.

"Nanga lanulo? Kasipuni ka tiyi!" anatero abambo.

Mnzake uja anatsokomolanso. Kamphepo sanachedwe. Anatenga chingwe. Anayeza malo otsalawo. Anadula chingwecho.

"Atelala, ichi ndi chimodzi kwa tonse," anatero.

Amayi a kutchalitchi anabweretsa tinsalu. Amayi a kumzikiti anabweretsa thonje. Anakhala pamodzi pakhonde. Atelala anayeza ndi chingwe. Anasoka kamatiresi kena. Anakalumikiza kumiyendo.

Kanakwana ndendende!

"Mwana uyu ndi wanga," anatero abambo, chifuwa chili patsogolo.

"Ayi, lero ndi wathu tonse," anatero ashehe.

Kamphepo ananyadira kwambiri. Anagwira mnzake pamkono.

"Bwera, tayesa."

Mnzakeyo anakwera pa bedi. Anatambasula miyendo. Anamwetulira. Amayi ake anamufunditsa bulangete. Misozi inali mbwee m'maso mwa amayiwo, koma ankaseka.

"Zikomo, abale anga," anatero amayiwo.

Abusa anakonza pakhosi kuti alankhule. Ashehe nawonso anaimirira kuti alankhule.

Kamphepo anaika chala pakamwa.

"Pepani abusa. Pepani ashehe. Mulankhule mawa. Mnzanga wagona."

Anthu onse anatuluka monyang'ama, mmodzimmodzi. Kunja dzuwa linali phwee. M'chipinda mnzake anali m'tulo tofa nato.