Kambuna ka Killion

Lydia anamuona koyamba ku Kande akuika tinsomba ta mbuna m'mabotolo a mankhwala. Anthu akusowa ndiwo, wina n'kumasungira nsomba m'mabotolo! Anamuseka poyera. Killion, amene ankathandiza azungu ofufuza za nsomba, naye anaseka, n'kumuonetsa milomo ya tinsombato: uwu wopalira ndere pamiyala, uwo wotolera tizilombo. Akuti tonseto kholo lake n'limodzi, tinangosintha pang'onopang'ono m'zaka zosawerengeka.

Chikondi sichiyamba chafunsa katekisimu. Posakhalitsa Lydia anali ndi dzina latsopano.

"Kambuna kanga, akanditumiza ku Uganda kukaphunzira, tipitira limodzi. Sindikusiya."

Koma bambo ake a Lydia, a Yotamu, anali mkulu wa mpingo, ndipo ananenetsa kuti mwana wawo sangakwatiwe ndi munthu wotsutsana ndi Genesis. Killion ankaimba kwaya, kupemphera osajomba. Iye ankati Mulungu ndiye analenga, kungoti sanafulumire. Za ntchito, anati sasiya.

Lydia mtima unali m'mwamba, chakudya osalowa. Ataye bambo? Ataye Killion? Tsiku lina anangowauza a Yotamu kuti mnyamata uja walapa, ntchito wasiya. Ankaganiza kuti amunyengerera Killion kuti aisiyedi ukwati usanalengezedwe m'tchalitchi. Kumuuza mwiniwakeyo, ankangoti mawa, mawa.

Akulu a mpingo anawaitana onse awiri asanalengeze. A Yotamu nkhope ili ngwee, anapempha Killion kuti abwereze pamaso pa akuluwo zimene Lydia anawauza, zoti ntchito ija analeka.

Killion anatembenuka n'kumuyang'ana Lydia. Mayo ine, maso amenewo! Onse ankadziwa kuti wonamiza akulu amaimitsidwa pa Mgonero, dzina lake n'kutchulidwa pamaso pa mpingo wonse.

"Ada, ntchito sindinasiye, ndipo sindisiya," anatero kwa a Yotamu motsitsa mawu. "Koma Lydia musamuimbe mlandu. Ndine ndinamunamiza."

Munthu amene anakana kunama pa nkhani ya nsomba, lero wanama pofuna kuteteza mkazi! Akuluwo anamuimitsa Killion pa Mgonero pomwepo, ndipo a Yotamu anati za ukwati zathera pomwepo. Killion anatola chipewa chake, koma anazengereza pakhomo.

Abusa anafunsa Lydia ngati anali ndi mawu. Chilungamo chinali pakamwa penipeni. Anayang'ana bambo ake, n'kuwerama.

"Ayi, abusa. Ndilibe."

Killion anavala chipewa n'kutuluka.